Napoli ndi Mabwinja a M'munsi mwa Vesuvio

Anthu ambiri amene amafika mumzinda wa Napoli, kum'mwera kwa Italy, amakhala ali paulendo wopita kwina. Akangotsika sitima pa Piazza Garibaldi amafunsa njira ya ku Pompei, ena amathamangira kudoko kukapeza boti la ku Capri, mzinda weniweniwo n'kungouonera pawindo. Amati ndi waphokoso, wothithikana, wodzaza njinga zamoto zosapatukira munthu. Phokosolo lilikodi. Koma wodumpha Napoli amakayenda m'nyumba za Pompei zopanda katundu, popeza zambiri zamtengo wapatali zimene anafukula kumeneko zimasungidwa ku Napoli. Komanso moyo umene unazima ku Pompei m'chaka cha 79, wa anthu odyera pamsewu, ogulitsa malonda pakhomo, okhala mopanikizana ndiponso opembedza pamphambano, ku Napoli ukadali kutakataka. Woona kumodzi kokha amabwerera atamva theka la nkhani.

Mzindawu anauyamba ndi Agiriki. Zaka pafupifupi 2,500 zapitazo anayala misewu itatu yowongoka yochoka kum'mawa kupita kumadzulo, n'kuidula ndi tinjira ting'onoting'ono topingasa. Aroma anabwera, kenako mafumu a ku Normandy, a ku Anjou, a ku Aragon, abwanamkubwa a ku Spain ndi banja lachifumu la Bourbon, aliyense n'kumanga zake pamwamba pa za mnzake, koma misewu ija palibe anaisuntha. Mukakwera kasitima kokokedwa ndi chingwe kupita paphiri la Vomero n'kuima pa linga la Castel Sant'Elmo, mudzaona mzere umodzi wakuda wong'amba madenga pakati, osakhota ngakhale pang'ono. Umenewo ndi msewu umene eni ake amautcha Spaccanapoli. Chigawo chakale chonsechi bungwe la UNESCO linachiika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1995, koma si malo osungidwa ngati chionetsero ayi: zovala zayanikidwa pazingwe kuchoka pakhonde lina kufika lina, ndipo agogo a pansanjika yachinayi amatsitsa ndowa pachingwe kuti wogulitsa buledi aikemo.

Yambirani kumadzulo kwa msewuwo, pa Santa Chiara. Tchalitchicho chinapsa ndi mabomba pa 4 August 1943 n'kumangidwanso, koma bwalo la masisitere lakumbuyo linapulumuka, ndi zipilala ndi mipando yake yokutidwa ndi matailosi achikasu ndi abuluu a m'zaka za m'ma 1740. Mukayenda pang'ono n'kukhotera kumanzere mupeza kachalitchi ka Sansevero, komwe kuli chosema chimene ine ndimachiika patsogolo pa zonse za mumzindamu. Giuseppe Sanmartino anasema mu 1753 thupi la Khristu atamwalira, litagona pamatiresi, litafundidwa nsalu yopyapyala. Zonsezo ndi mwala umodzi wa mabo. Pansi pa nsalu yamwalayo mukuoneka mtsempha wotupa pamphumi, nthiti, ndi mabala a misomali kumapazi. Anthu analephera kukhulupirira kuti ndi ntchito ya tchizulo, mpaka kunabuka mphekesera yoti mwini wa kachalitchiko, Raimondo di Sangro, amene ankakonda kuyesayesa za mankhwala, anaumitsa nsalu yeniyeni. Zikalata za nthawiyo zimasonyeza kuti inali ntchito ya manja basi. Chipindacho n'chaching'ono, choncho tikiti imafunika kugulira pa intaneti masiku angapo musanapiteko.

Kanjira ka San Gregorio Armeno ndi ka amisiri oumba tiziboliboli ta khola la ku Betelehemu. Amagwira ntchito chaka chonse, ndipo pambali pa abusa ndi anzeru a kum'mawa amaumbanso andale ndi osewera mpira. Pamwamba pa kanjirako pali tchalitchi cha San Lorenzo Maggiore. Ambiri amangosuzumira n'kudutsa, osadziwa kuti masitepe a m'bwalo mwake amatsikira mumsika wa Aroma. Pansipo mumayenda mumsewu wa miyala, mashopu ali mbali iyi ndi iyi, uvuni ya ophika buledi ili pamalo pake, pamwamba pa mutu wanu anthu akupemphera Misa. Amene akufuna kutsika kwambiri angalowe m'mapanga a Napoli Sotterranea, mamita pafupifupi 40 pansi. Mapangawa anayamba ngati migodi ya mwala wofewa wachikasu umene anamangira mzinda wonse, kenako anakhala nkhokwe za madzi kwa zaka mazanamazana mpaka mliri wa kolera wa mu 1884 unachititsa kuti atsekedwe, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mabanja ankabisalamo pothawa mabomba.

Kuti mumvetse mtima wa anthu a kuno, lowani m'kathedulo. M'menemo amasunga timabotolo tiwiri timene amati muli magazi a San Gennaro, bishopu wa ku Benevento amene anadulidwa mutu ku Pozzuoli cha m'ma 305. Katatu pachaka, Loweruka lotsogolera Lamlungu loyamba la May, pa 19 September ndi pa 16 December, timabotoloto amatinyamula pamaso pa khamu, ndipo anthu amadikira kuti magazi ouma asungunuke. Akasungunuka, mzinda umapuma. Akapanda kutero, nkhope zimagwa. Tsiku la 16 December limakumbutsa kuphulika kwa Vesuvio mu 1631, kumene kunapha anthu zikwi zingapo m'midzi ya m'munsi mwa phirilo koma osafika mumzinda. Mu 1527, pa nthawi ya mliri, akuluakulu a mzindawu analonjeza woyerayu kuti adzamumangira kachalitchi akawapulumutsa, ndipo lonjezolo analilembetsa kwa mlembi wa zamalamulo ngati pangano la malonda. Munthu angakhale ndi maganizo akeake pa za magaziwo. Chimene sangakane n'chakuti anthuwa akhala zaka zonsezi akuyang'anizana ndi phiri lotha kuwameza, ndipo pemphero lawo ndi la anthu odziwa zimenezo. Pafupi pomwepo, m'kachalitchi ka Pio Monte della Misericordia, muli chithunzi chimene Caravaggio anamaliza mu 1607 atathawa ku Roma komwe anapha munthu. Ntchito zisanu ndi ziwiri zachifundo anaziunjika m'kanjira kamodzi kamdima, kofanana ndendende ndi kamene mwangodutsamo.

Za chakudya sindichulukitsa, poti mphuno idzakutsogolerani yokha. Pitsa ya kuno ndi yofewa, yotupa m'mbali, ndipo imapsa m'mphindi imodzi ndi theka mu uvuni ya nkhuni. Luso la oiphika linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2017. Pa Via dei Tribunali amaipinda panayi n'kukupatsani papepala kuti muzidya mukuyenda. M'malo omwera khofi mudakali mwambo wolipira makapu awiri n'kumwa imodzi, inayo kusiyira aliyense wosowa amene adzalowe pambuyo panu. Ndipo okonda mpira asalephere kukwera ku Quartieri Spagnoli kukaona chithunzi chachikulu cha Diego Maradona pakhoma. Iye anasewerera timu ya Napoli kuyambira 1984 mpaka 1991 n'kuipatsa ligi mu 1987 ndi 1990. Panapita zaka 33 kuti aitengenso, mu 2023, mnyamata wa ku Nigeria, Victor Osimhen, atamwetsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi yonse.

Musanapite kumabwinja, perekani theka la tsiku kunyumba yosungiramo zinthu zakale, Museo Archeologico Nazionale. Pansi pali ziboliboli zikuluzikulu zimene Mfumu Carlo wa Bourbon analandira kuchokera kwa mayi ake a banja la Farnese, monga Hercules wotopa wotsamira chibonga chake. Koma chimene mwadzera chili m'mwamba. Ofukula a m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 ankadula zithunzi m'makoma a Pompei ndi Ercolano n'kubwera nazo kuno. Chotchuka kwambiri ndi chithunzi cha nkhondo ya Alexander Wamkulu ndi Dariyo, mfumu ya Perisiya, chopangidwa ndi timiyala toposa miliyoni imodzi, chimene anachipeza mu 1831 pansi m'nyumba yotchedwa Casa del Fauno. Chimene chili ku Pompei lero n'chongotengera. Komabe musathere nthawi yonse pa zazikulu. M'makabati muli masikelo a ogulitsa, mapoto, nyale zadothi, magalasi odziyang'anira, zida za madokotala zosasiyana kwenikweni ndi za masiku ano. Mukaziona zimenezi, zipinda zopanda kanthu za ku Pompei zimadzaza m'maganizo mwanu.

Ku Pompei mumapita pa sitima ya Circumvesuviana yolowera ku Sorrento, n'kutsikira pa Pompei Scavi patatha mphindi pafupifupi 40. Sitimayo imadzaza, ndipo chikwama chimafunika kuchigwirira kutsogolo.

Zimene zinachitika kumeneko timazidziwa bwino chifukwa panali mboni. Pliny Wamng'ono, mnyamata wa zaka 17, anali ku Miseno, tsidya lina la gombe, ndipo patapita zaka analembera wolemba mbiri Tacitus makalata awiri ofotokoza mtambo umene unakwera kuchokera m'phiri la Vesuvio n'kuyala nthambi kumwamba. Amalume ake, Pliny Wamkulu, amene anali mkulu wa zombo zankhondo, anawoloka kukapulumutsa anthu ndipo anafera pagombe la Stabiae. Anthu a m'derali sankadziwa kuti phiri lodzala minda ya mpesa lija linali ndi moto m'kati. Chivomezi chachikulu chinali chitagwetsa nyumba zambiri m'chaka cha 62, ndipo ena anali akukonzabe. Tsiku loyamba la kuphulikako kunagwa timiyala topepuka usana ndi usiku mpaka madenga anayamba kugwa. Ambiri anathawa nthawi imeneyo. Amene anatsala, pobisala m'nyumba kuti zipite, anaphedwa m'mawa mwake ndi mafunde a mpweya wotentha ndi phulusa amene anatsetsereka m'phirimo mwaliwiro loti munthu sangathawe. Mabuku ambiri amati linali tsiku la 24 August, koma mawu olembedwa ndi khala pakhoma amene anapezeka mu 2018 apangitsa akatswiri ambiri kuganiza kuti munali mu October.

Kufukula kunayamba mu 1748, ndipo mwa mahekitala 66 a mzindawo gawo limodzi mwa magawo atatu likadali pansi. Mu 1863 Giuseppe Fiorelli anazindikira kuti mphako zimene antchito ankakumana nazo m'phulusa louma zinali malo amene matupi anaolera. Anayamba kuthiramo pulasitala, ndipo atachotsa phulusalo anthu anatuluka momwe anafera, mapindo a zovala ndi zingwe za nsapato zikuoneka. Pamunda wina wa mpesa, Orto dei Fuggiaschi, pagona anthu 13, akulu ndi ana, amene ankalunjika kuchipata. Pamenepo m'pofunika kutsitsa mawu ndi kubweza foni m'thumba. Ndi maliro a anthu.

Koma Pompei ndi mzinda wa amoyo kuposa wa akufa, ndipo pamafunika kudekha kuti muuone. Yang'anani pansi: mawilo a ngolo anakumba mizere m'miyala ya msewu, ndipo pamphambano pali miyala ikuluikulu yopondapo powoloka kuti mapazi asalowe m'madzi oipa, yotalikirana mwakuti ngolo inkadutsa bwinobwino. Yang'anani m'makoma: pali mayina a opikisana pachisankho olembedwa ndi utoto wofiira, ophika buledi kapena ochapa zovala akupempha anthu kuti avotere munthu wawo. M'nyumba ina yophikira buledi anapeza mikate 81 ili mu uvuni, mphero zamwala zozunguzidwa ndi abulu zili pabwalo. Ndipo pafupifupi msewu uliwonse uli ndi kauntala yamwala yokhala ndi mitsuko yomizidwa m'kati, momwe munkakhala zakudya ndi zakumwa. Osauka ambiri analibe khitchini, choncho ankadyera pamenepa, monga timachitira pa chiimirire cha kumsika. Kauntala ina imene anaionetsa mu 2020 idakali ndi zithunzi za abakha ndi tambala, zowala ngati zapentedwa dzulo.

Alendo ambiri amaunjikana pafupi ndi chipata ndi pabwalo lalikulu. Limbani mtima muyende mpaka kumapeto a kum'mawa, kubwalo la masewera lomangidwa cha m'ma 70 BC, lokwana anthu pafupifupi 20,000. M'chaka cha 59 anthu a ku Pompei anamenyana kumeneko ndi alendo a ku Nuceria mpaka kuphana, ndipo akuluakulu a ku Roma analetsa masewerawo kwa zaka khumi. Kumapeto enawo, kunja kwa linga, kuli Villa dei Misteri, kumene zithunzi za anthu aakulu ngati ife pakhoma lofiira zinasiyidwa pamalo pake. Mthunzi ndi wosowa, miyala ndi yoterera. Valani nsapato zolimba, nyamulani botolo, mudzatunga madzi pamipopi ya m'misewu. Kuyambira mu November 2024 salola anthu oposa 20,000 patsiku.

Wokhala ndi maola ochepa, kapena woyenda ndi okalamba, ndingamulangize Ercolano, pa njanji yomweyo, pafupi kwambiri ndi Napoli. Ndi waung'ono, koma anasungika mwa njira ina. Matope otentha ndi phulusa zinaukwirira mamita pafupifupi 20 n'kuuma ngati thanthwe, ndipo matabwa anasanduka makala osapserera. Muona nyumba zosanja zili chiimire, mitanda ya denga, mabedi, ngakhale chitseko chamatabwa chogawa chipinda. Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti eni mzindawu onse anathawa. Kuyambira m'ma 1980 ofukula anafika pomwe panali gombe lakale, ndipo m'zipinda zosungiramo maboti anapeza mafupa a anthu pafupifupi 300 amene ankadikira thandizo lochokera panyanja. Kufupi ndi kumeneko kuli nyumba ya munthu wolemera mmene munapezeka mipukutu pafupifupi 1,800, yambiri ya nzeru za Chigiriki, yopsa ngati zikuni. Oyesa kuifunyulula anaononga yambiri. Mu 2023 ophunzira achinyamata, pogwiritsa ntchito zithunzi za X-ray ndi mapulogalamu a kompyuta, anayamba kuwerenga mpukutu wosatsegula n'komwe. Mukatukula maso m'dzenjemo, nyumba za Ercolano wa lero zili m'mphepete penipeni, ndipo mzinda wakale wotsala uli pansi pake.

Phiri lenilenilo, lotalika mamita 1,281, limakwereka. Basi imakusiyani pa mamita pafupifupi 1,000, kenako mumayenda theka la ola pamsewu wa phulusa kufika pakamwa pake, pomwe nthunzi imafuka m'ming'alu. Linaphulika komaliza mu March 1944, nkhondo ili m'kati, chiphalaphala n'kulowa m'mudzi wa San Sebastiano, phulusa n'kuononga ndege zambiri za asilikali a America. Muli pamwambapo mumaona nyumba zitazinga phiri mbali zonse: anthu oposa 600,000 amakhala m'dera limene boma linalilemba kuti liyenera kusamutsidwa zizindikiro zikayamba. Wina angafunse kuti bwanji sachokapo. Yankho lina lili m'nthaka. Phulusa lomwelo ndi limene limabereka mpesa wa vinyo wa Lacryma Christi, maapurikoti, ndi timatimati ta piennolo timene amamanga m'mitolo n'kupachika kuti tidyedwe mpaka nyengo yozizira. Pamtsetse wa phirili palinso malo akale kwambiri padziko lonse ounikira mapiri ophulika, okhazikitsidwa mu 1841.

Maulendo ena a tsiku limodzi ndi ambiri, ndipo si onse ofanana phindu. Capri ndi chilumba chokongoladi, koma m'chilimwe mumathera nthawi pamizere ndipo mitengo ndi yoboola m'thumba. Mukapitako, siyani mashopu muyende wapansi kukwera ku Villa Jovis, kumene Tiberiyo Kaisara, yemwe uja amatchulidwa mu Uthenga wa Luka, ankalamulirako ufumu wonse wa Roma kuyambira m'chaka cha 27. Procida, kachilumba ka asodzi ka nyumba zamitundumitundu, n'kodekha komanso kotsika mtengo. Kumpoto kuli nyumba yachifumu ya Caserta, imene Luigi Vanvitelli anayamba kumanga mu 1752, ya zipinda 1,200 ndi munda wa akasupe wotalika makilomita atatu. M'menemo ndi mmene asilikali a Germany a ku Italy anasainira kugonja pa 29 April 1945. Kum'mwera, kupitirira Salerno, kuli Paestum, kumene akachisi atatu a Agiriki aima m'dambo, ena mwa osungika bwino kwambiri padziko lonse, pakati pa makola a njati zimene mkaka wake amapangira mozzarella.

Ulendo umene alendo ochepa amauganizira ndi wa kumadzulo, ku Pozzuoli, theka la ola pa sitima. Ili ndi doko la Puteoli lotchulidwa m'buku la Machitidwe a Atumwi, pamene Paulo anatsikira ali mkaidi popita ku Roma n'kukhala masiku asanu ndi awiri ndi abale amene anawapeza. Nthawi imeneyo zombo za tirigu wa ku Iguputo zinkakocheza pano. Bwalo lake la masewera ndi lachitatu kukula m'Italy, ndipo zipinda zake zapansi, momwe ankasungira zilombo, zinasungika bwino kwambiri. Pafupi ndi doko pali mabwinja a msika wa Aroma okhala ndi zipilala zitatu zazitali. Chapakati pa zipilalazo pali timabowo tambirimbiri tobooledwa ndi nkhono za m'nyanja, mamita angapo pamwamba pa mutu wa munthu. Ndiye kuti nthaka inamira m'nyanja ndi msika womwe, kenako inadzukanso.

Dera lonseli, lotchedwa Campi Flegrei, ndi chibowo cha phiri lophulika lalikulu kuposa Vesuvio, ndipo nthaka yake imakwera ndi kutsika malinga ndi kutentha kwa pansi. Mu 1538 phiri latsopano, Monte Nuovo, linamera m'sabata imodzi. Ku Baia, nyumba za olemera a ku Roma zili pansi pa madzi, ndipo alendo amaziona pa boti la galasi pansi. Mu 1970 anthu anasamutsidwa m'chigawo chakale cha Rione Terra, ndipo pakati pa 1982 ndi 1984 nthaka inakwera mamita pafupifupi 1.8 mpaka doko linakhala losaya kwa zombo. Kuyambira 2005 ikukweranso, ndipo zivomezi zachuluka m'zaka zaposachedwapa. Chibowo cha Solfatara, chimene kale alendo ankayendamo pakati pa nthunzi ya sulufule, chinatsekedwa mu 2017 anthu atatu a banja limodzi atafera m'menemo. Malo ena amatsekedwa mwadzidzidzi kukachita chivomezi, choncho funsani m'mawa wa tsiku lomwelo musanakwere sitima ya Cumana pa siteshoni ya Montesanto.